Mchenga wa ku Mars: njira iti ingateteze rover kuti isatitimire?

Aliyense amene anayendetsapo galimoto m'misewu ya kunyanja nthawi ya chilimwe amadziwa mmene mchenga umanamizira munthu. Umaoneka wosalala bwinobwino, mwala palibe, dzenje palibe, iwe n'kuwonjezera moto. Posakhalitsa injini ikubangula, matayala akupota, koma mtengo wa mango umene unali pambali pako ukadali pomwepo. Kwathu kuno zikatero timatsika, kufukula ndi manja, kuyala nthambi pansi pa matayala, anyamata a pamudzi n'kubwera kudzakankha, ife n'kuwapatsa kangachepe. Ku Mars kulibe wokankha.

Nkhaniyi ndalembera ophunzira uinjiniya ndi ena amene akupanga ka rover kawo (kagalimoto ka loboti kofufuzira nthaka ya mapulaneti ena), kaya ka pulojekiti ya kusukulu, kaya kokapikisana nako kumipikisano ngati University Rover Challenge ya m'chipululu cha Utah, ndipo afika poti asankhe mmene kaziyendera. Zitsanzo ndatenga ku Mars chifukwa kumeneko njira iliyonse inayesedwa, ndipo pamene inalephera zinalembedwa poyera.

Muyeso wake

Rover ya ku Mars siyendetsedwa ngati kagalimoto ka limoti. Uthenga wa wailesi umatenga mphindi 3 mpaka 22 kuti ufike, malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa ali. Mukamaona chithunzi cha tayala likumira, ndiye kuti linamira kalekale. N'chifukwa chake madalaivala a ku Jet Propulsion Laboratory (JPL), labotale ya ku California ya NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, amalemba ulendo wa tsiku lonse n'kuutumiza kamodzi, kenako n'kudikira. Tsiku la ku Mars, limene iwo amati sol, ndi la maola 24 ndi mphindi 39.

Ikatsala yokha choncho, rover imadziwa mtunda umene yayenda powerenga kuzungulira kwa matayala ake. Panthaka yolimba masamu amenewa amakhala olondola. Pamchenga amanama. Pa 26 Epulo 2005, rover ya NASA yotchedwa Opportunity inakwera kamulu ka mchenga kotalika masentimita 30 okha, kamene pambuyo pake anakatcha Purgatory. Matayala anazungulira mtunda wa mamita 50, galimoto yeniyeniyo n'kusuntha mamita 2. Kompyuta yake inkakhulupirira kuti ulendo ukuyenda bwino pamene inkadzikumbira manda. Kuitulutsa kunatenga masabata asanu, mpaka pa 4 Juni, ndipo matayala anapota mtunda wokwana mamita 192 kuti isunthe mita imodzi.

Ndiye njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, ndipo apa sindikunena ndalama zokha, komanso nthawi ndi moto wa m'batire. Kupezeka kwake, kutanthauza zida ndi anthu amene ikufuna. Kusamalira, ndiko kuti ntchito imene imabwera tsiku ndi tsiku mukaisankha. Ndi zoopsa zake. Pazoopsa funso langa ndi limodzi lomwelo paliponse: tayala likayamba kumira, ndani aone, ndipo patapita nthawi yaitali bwanji?

1. Kuyenda mongomvera lamulo

Dalaivala amavala magalasi a 3D, kuyang'ana zithunzi zimene rover inatumiza dzulo, n'kulemba kuti pita kutsogolo mamita akuti, khota chonchi, pitanso. Rover imachita zomwezo osayang'ana. Akatswiri amati blind drive.

*Mtengo.* Palibe yotchipa kuposa iyi. Kompyuta siganiza chilichonse, choncho moto wonse umapita kumatayala. Opportunity ndi rover inzake yotchedwa Spirit zinkatha kupitirira mamita 100 pa ola poyenda motere.

*Kupezeka.* Rover iliyonse yokhala ndi kamera ziwiri ndi kowerengera matayala ingathe.

*Kusamalira.* Katundu yense ali pamutu pa anthu. Tsiku lililonse pamafunika zithunzi zatsopano ndi dalaivala wodziwa kuwerenga nthaka. Ndipo kamera ya pamutu wa rover imaona bwino mamita makumi ochepa okha. Kupitirira pamenepo, kapena kuseri kwa kachitunda, ndi kungoyerekeza.

*Zoopsa.* Purgatory inachitika pa njira imeneyi. Woona kumira palibe mpaka mawa. Ndinaonapo zomwezi pa ka rover ka ophunzira ena pamchenga wa mumtsinje: laputopu ikuonetsa manambala akukwera, anyamata akusangalala, pamene kanthuko kanali katagoneka mimba pansi, matayala akuwaza mchenga kumbuyo ngati nkhuku yofukula. Iwo anangokanyamula n'kukakuntha. Kusiyana kwake n'komweko.

2. Kuyenda uku ikudziyeza ndi maso

Apa rover imajambula, kuyenda pang'ono, kujambulanso, n'kuyerekeza zithunzi ziwirizo. Ngati mwala uja wasuntha m'chithunzi mofanana ndi zimene matayala akunena, zili bwino. Ngati matayala akuti tayenda mita koma mwala ukuti tayenda masentimita 20, rover imaima yokha n'kudikira anthu. Dzina lake ndi visual odometry, ndipo kunena zoona ndi njira yokhayo pa zonse zili pano imene imagwira bodza la mchenga pamene likuchitika.

*Mtengo.* Nthawi. Kompyuta ya Spirit ndi Opportunity inali ya 20 MHz, yofooka kuposa ya m'foni ya mabatani ya masiku ano, ndipo kuyerekeza kumodzi kunkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Liwiro linkatsika kufika pafupifupi mamita 10 pa ola. N'chifukwa chake tsiku la Purgatory njirayi sinali yoyatsa: malo ankaoneka osalala, ulendo unali wautali, anthu n'kusankha liwiro. Pambuyo pake anapeza njira yapakati, yoti rover iziyenda mamita angapo mongomvera lamulo, n'kuima kudziyeza kamodzi, n'kupitirira. Inu amene muli ndi kakompyuta ka masiku ano vuto limeneli mulibe, chifukwa kamachita masamuwa m'kanthawi kochepa.

*Kupezeka.* Kamera ziwiri zomangidwa molimba ndi pulogalamu. Mapulogalamu aulere ochita zimenezi alipo pa intaneti.

*Kusamalira.* Makamera akapendekeka pang'ono chabe, masamu onse asokonekera, choncho amafuna kuwayeza kawirikawiri. Fumbi pagalasi nalonso ndi mdani. Ntchito yovuta kwenikweni ndi kusankha malire: kuterereka kochuluka bwanji n'kumene kuyenera kuimitsa galimoto? Mukaika malire otsika, rover izingoima pa kamulu kalikonse, tsiku n'kupita pachabe. Mukaika okwera, idzaima itamira kale. Nambala imeneyi musakopere kwa wina. Imadalira kulemera kwa rover yanu, matayala anu ndi kupendekeka kwa malo.

*Zoopsa.* Njirayi imafuna chinthu choti igwire m'chithunzi, mwala, mng'alu, kachidutswa kalikonse. Mchenga wosalala ulibe zimenezo, ndiye pamalo pomwe ikufunika kwambiri m'pamenenso imakonda kulephera. Madalaivala a Opportunity anapeza nzeru yosavuta: ankatembenuzira kamera kumbuyo kuti iziyang'ana mapazi a matayala ake omwe. Ikani lamulo loti pulogalamu ikalephera kuyeza, rover iime, osati ipitirire.

3. Kuisiya idzisankhire yokha njira

Madalaivala amangoiuza kumene ikafike, rover n'kumapanga mapu a nthaka ili kutsogolo kwake, kuona miyala ndi maenje, n'kumazemba. Ku NASA amati AutoNav.

*Mtengo.* Pa ma rover akale inali yochedwa chifukwa galimoto inkaima kuti iganize. Rover ya Perseverance, imene inatera m'chigwa cha Jezero ku Mars pa 18 Febuluwale 2021, ili ndi kompyuta yachiwiri yoona za zithunzi zokha, yomwe poyamba inaithandiza kusankha potera. Ndiye imaganiza uku ikuyenda. M'chaka chake choyamba cha ku Mars inayenda makilomita 17.7, ndipo 88 peresenti ya mtundawo inadzisankhira yokha njira. Inafikapo poyenda mamita pafupifupi 700 popanda munthu kuunika. Koma kompyuta yachiwiri ndi ndalama, ndi kulemera, ndi moto.

*Kupezeka.* Kwa timu ya ophunzira n'zotheka, koma ndi ntchito ya miyezi, osati ya sabata yomaliza mpikisano usanafike.

*Kusamalira.* Pulogalamu yaikulu imafuna kuyesedwa mobwerezabwereza nthawi iliyonse mwaisintha. Ku JPL ali ndi bwalo lotchedwa Mars Yard komanso mapasa a ma rover awo oyeserapo zinthu zisanatumizidwe.

*Zoopsa.* Apa m'pamene ambiri amanamizika. AutoNav imaona maonekedwe a nthaka, kukwera ndi kutsika kwake, osati kulimba kwake. Mwala imauopa. Mchenga wosalala, kwa iyo, ndi msewu wa tala. Mukaisiya pakati pa miyala ndi mchenga, isankha mchenga mosangalala. N'chifukwa chake ngakhale pa Perseverance anthu ndi amene amalemba pamapu malo oletsedwa kulowamo. Akatswiri akuyesetsa kuphunzitsa makompyuta kuzindikira mtundu wa nthaka, ndipo mu 2020 NASA inapempha anthu wamba pa pulojekiti ya AI4Mars kuti azilemba pazithunzi za rover ya Curiosity kuti apa ndi mchenga, apa dothi, apa thanthwe. Zikuthandiza. Komabe chithunzi chimaonetsa pamwamba pokha, ndipo nkhani ya Spirit ikuonetsa chifukwa chake zimenezo sizikwanira.

Spirit inali ikuyenda kale ndi matayala asanu mwa asanu ndi limodzi ake, chifukwa lakutsogolo kumanja linafa mu Malichi 2006, ndiye inkayenda chambuyo n'kumalikoka. Chakumayambiriro kwa Meyi 2009, pamalo otchedwa Troy, inaponda nthaka yooneka yolimba. Chinali chikhakha chabe. Pansi pake panali dothi lofewa la mchere wa ferric sulfate, losagwirana ngati ufa. Akatswiri anatha miyezi akuyesa njira zoitulutsira m'bokosi la dothi pansi pano, tayala lina n'kufanso, mpaka pa 26 Januwale 2010 NASA inavomera kuti Spirit siyendanso. Chimene chinaipha si mchenga weniweniwo ayi, koma kuti inalephera kupendeketsa mapanelo ake a sola kuloza dzuwa nyengo yozizira itafika. Inalankhula komaliza pa 22 Malichi 2010, itayenda makilomita 7.7. Palibe kamera imene ikanaona zimene zinali pansi pa chikhakha chija.

4. Kulemba njira kuchokera kumwamba

Iyi siyendetsa matayala, imasankha chigwa chimene mudutse mwezi wamawa. Kamera ya HiRISE, imene ili pa setilaiti ya Mars Reconnaissance Orbiter yozungulira Mars kuyambira 2006, imajambula moti kadontho kamodzi m'chithunzi ndi masentimita 25 mpaka 30 pansi. Timizere ta mchenga timaoneka, ndipo kutalikirana kwake kumakuuzani ngati ndi tating'ono todutsika kapena milu yeniyeni. Palinso kamera ya THEMIS pa setilaiti ya Mars Odyssey yoyeza kutentha. Mfundo yake mukuidziwa kale: mchenga wa kunyanja umawotcha mapazi masana koma usiku wazizira, pamene thanthwe limafundabe dzuwa litalowa. Malo ozizira msanga usiku ndi okayikitsa.

*Mtengo.* Setilaiti ndi ya madola mamiliyoni mazanamazana, koma inalipiridwa kale. Zithunzi za HiRISE zili pa intaneti kwaulere.

*Kupezeka.* Si Mars yense amene anajambulidwa bwino chonchi. Ndipo THEMIS kadontho kake ndi mamita 100, choncho kadambo ka mchenga kokwanira kumeza rover kangabisale m'kadontho kamodzi.

*Kusamalira.* Kufananiza mapu akumwamba ndi zimene rover ikuona pansi, ulendo uliwonse ukatha. Masetilaiti awiriwa akalambanso.

*Zoopsa.* Kudalira mapu mopitirira. Mu Ogasiti 2014 Curiosity inalowa m'chigwa cha Hidden Valley chimene chinasankhidwa ngati njira yabwino, matayala n'kuyamba kuterereka kwambiri pamchenga. Inabwerera mmene inadzera, njira n'kusinthidwa. Chinaipulumutsa si mapu, ndi kudziyeza kuja.

Koma pamene njirayi imagwira ntchito, imagwiradi. Kuchokera ku chigwa cha Victoria kupita ku Endeavour ndi makilomita pafupifupi 12 molunjika. Opportunity inayenda 21, kwa zaka zitatu, kuyambira 2008 mpaka Ogasiti 2011, chifukwa zithunzi zakumwamba zinaonetsa milu ikuluikulu pakati. Inalambalala, inafika, ndipo inadzatseka moyo wake itayenda makilomita 45.

5. Kutuma kazitape wouluka

*Mtengo.* Helikopita ya Ingenuity, yolemera makilogalamu 1.8, inadya madola pafupifupi 80 miliyoni kuipanga. Inkadyanso nthawi ya Perseverance, chifukwa mauthenga ake onse ankadzera kumeneko.

*Kupezeka.* Ku Mars yaulukapo imodzi yokhayo. Kumwezi singauluke, kulibe mpweya. Kwa inu pansi pano, drone wamba ikwanira ngati malamulo a mpikisano ndi a dziko akulola.

*Kusamalira.* Ndi galimoto yachiwiri, ya batire lake, timu yake ndi mavuto ake.

*Zoopsa.* Inathandizadi: mu Julayi 2021 inauluka mtunda wa mamita 625 kudutsa pamwamba pa Séítah, dera la milu ya mchenga limene Perseverance inachita kuzungulira. Dzinalo ndi la chinenero cha Navajo, kutanthauza pakati pa mchenga. Koma taonani mathero ake. Inakonzedwera maulendo asanu, inauluka 72, ndipo mu Januwale 2024 inathera pamchenga. Kamera yake yoyang'ana pansi inasowa chogwira pamilu yosalala, inatera molakwika, mapiko n'kuthyoka. Ngakhale chouluka, mchenga unachinamiza chimodzimodzi.

Nanga kungouthawa mchenga wonse?

Zikanakhala zophweka choncho. Matayala a Curiosity ndi a aluminiyamu, otalika masentimita 50, koma chikopa chake n'chopyapyala, mamilimita 0.75 okha, ndipo akusenza galimoto ya makilogalamu 899. Pofika kumapeto kwa 2013 anali atayamba kubooka chifukwa cha miyala yosongoka yokhazikika m'nthaka. Mwadzidzidzi mchenga unasanduka mnzawo. Mu Febuluwale 2014 madalaivala anasankha dala kuoloka mulu wa mchenga wotalika pafupifupi mita imodzi pa Dingo Gap, kuti alowe m'chigwa chopanda miyala yobaya. Anayamba akwera pang'ono, kusuzumira tsidya linalo, kuona mmene matayala akuchitira, kenako n'kuoloka. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, nzeru yomweyo inawabweza ku Hidden Valley. Mulu umodzi wokhala ndi nthaka yolimba mbali zonse ndi wina, chigwa chodzaza timilu totsatizana ndi china, chifukwa m'chigwa chotere matayala onse asanu ndi limodzi amakhala pamchenga nthawi imodzi, popanda ngakhale limodzi logwira pansi.

Kuti mudziwe malire a rover yanu, muiyese. Mphamvu yokokera pansi ya Mars ndi 38 peresenti ya yathu, ndiye JPL inapanga Scarecrow, chigoba cha Curiosity chopepukitsidwa kuti chiziponda pansi ngati mmene yeniyeniyo imapondera ku Mars, n'kukachiyesa pamilu ya Dumont Dunes m'chipululu cha Mojave. Inu muli ndi mwayi kuti rover yanu idzayenda pa Dziko lomwe lino. Mchenga wouma wa mumtsinje mwezi wa Okutobala ndi labotale yokwanira. Ingokumbukirani kuti wonyowa wa m'mphepete mwa madzi umagwirana, ndipo udzakupatsani manambala okoma amene sadzabweranso.

Opanga matayala nawonso sanagone. Perseverance ili ndi matayala okulirapo, masentimita 52.5, okhala ndi mizere 48 m'malo mwa 24 ya Curiosity. Zhurong ya ku China, imene inatera mu Meyi 2021, inapangidwa yotha kukwawa ngati mbozi, matayala ena atagwira pansi ena akusuntha, ndipo Rosalind Franklin ya ku Ulaya ili ndi luso lofanana nalo. Zimenezi zimathandiza potuluka. Posankha njira sizikuchotserani ntchito.

Iti pa malo ati

Ngati rover ili pafupi moti chithunzi chimafika pompopompo, yendetsani ndi manja, maso ali pamatayala. Rover ya dziko la Soviet Union yotchedwa Lunokhod 2 inayendetsedwa choncho kumwezi mu 1973 ndi timu ya anthu ali pansi pano, chifukwa uthenga wa kumwezi umangotenga sekondi imodzi ndi pang'ono. Mipikisano yambiri ya ophunzira ili m'gulu limeneli, kupatula gawo loti rover iyende yokha.

Panthaka yolimba, yathyathyathya, imene mukuiona yonse m'chithunzi, kuyenda mongomvera lamulo kulibe vuto. Muziimitsa kudziyeza pakapita mamita angapo, ngakhale pakuoneka bwino chotani.

Pamalo a miyala yambiri ndi mtunda wautali, AutoNav ndiyo ikupindulitseni, bola madambo onse a mchenga mwawazinga kale pamapu ngati oletsedwa.

Pamene mchenga sungazembeke, yatsani kudziyeza sitepe iliyonse, tsitsani malire a kuterereka, yendani mtunda waufupi, ndipo lowani molunjika kuti mukafuna kubwerera mudzere m'mapazi anu omwe. Timizere tikakhala totsatana mbali imodzi, yendani m'kati mwake mmene muli nthaka yolimba, musamakwere kamodzikamodzi.

Ulendo wa makilomita, yambani ndi zithunzi zakumwamba ndipo muvomere njira yokhota. Drone ndi ya amene ali ndi anthu okwanira kusamalira magalimoto awiri.

Rover ikakhala ndi tayala lakufa, kapena ikudalira sola ndipo nyengo yozizira yayandikira, malire onse amene munaika ili yabwinobwino atsitseni, ndipo nthaka yosalala imene simunaipondepo muiyese kaye ndi matayala awiri akutsogolo.

Timu imene ndalama zake zikungokwanira chinthu chimodzi igule kamera ziwiri, ilembe pulogalamu yodziyeza, n'kupita kumtsinje kukapeza nambala imene rover yawo iyenera kuimira.